Ndaitanidwa kukaphunzira ntchito kumalo oonera nyenyezi ku South Africa: kodi ndipite?

Kalata imene ndikuyankha lero yachokera kwa wophunzira wamkazi wa ku Ngabu m'boma la Chikwawa, ndipo ndaifupikitsa motere:

"Ndili m'chaka chachitatu cha maphunziro a physics pa yunivesite ina m'dziko muno. Aphunzitsi anga anandionetsa chilengezo, ndinalemba kalata, ndipo tsopano ndalandira imelo yondiitana kukakhala milungu khumi ku Cape Town, kuyambira mu June, monga wophunzira ntchito ya kafukufuku wa zakuthambo. Akuti sabata imodzi tidzapita ku Sutherland kumene kuli matelesikopu. Chibadwireni sindinagwirepo telesikopu, ndipo chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta chotchedwa Python ndimangochidziwa pang'ono. Amalume akuti maulendo a ku Joni otere ndi amene amasowetsa ana a eni, pamene amayi ayamba kale kuwerengera malata a nyumba poganiza kuti ndikukagwira ntchito ya marandi. Kodi moyo wake umakhala wotani kumeneko, ndipo mwana wa kuchigwa ngati ine angakwanitse?"

Achemwali, ndiyambe ndi kukuyamikirani, chifukwa malo otere amalimbirana ophunzira ambiri, ndipo amene anakusankhani anawerenga zotsatira za mayeso anu pamodzi ndi kalata ya aphunzitsi anu asanakulembereni. Iwo akudziwa bwino kuti ophunzira ochuluka a m'mayiko athu ano amafika asanaikepo diso pa telesikopu, ndipo pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa physics ndi kutumiza achinyamata ku maphunziro a mtundu umenewu, sindinaonepo wina atabwezedwa pa chifukwa chimenecho. Amene ndawaona akubwerako manja ali m'khosi ndi amene ankabisa zimene sakudziwa, ndipo pa mfundo imeneyi ndikhalitsapo pang'ono kutsogoloku. Yankho langa ndi lakuti mupite, malinga ngati zinthu zingapo zatsimikizika musanakwere minibasi yokwera Thabwa.

Amalume anu musawatenge ngati otsalira. Anthu a kwathu kuno akhala akunyengedwa ndi malonjezo a ntchito ndi sukulu kunja, n'kukathera m'manja mwa anthu owalanda mapasipoti, ndipo n'chifukwa chake dziko lino linakhazikitsa lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu mu 2015. Njira yowakhazika mtima pansi ndi yomweyo yodzitetezera inu eni. Onani keyala ya imelo imene yakuitanani: bungwe loyendetsa matelesikopu a ku Sutherland ndi South African Astronomical Observatory, ndipo makeyala ake amathera ndi saao.ac.za, monga momwe a University of Cape Town amathera ndi uct.ac.za. Uthenga wa pa Gmail kapena pa WhatsApp pawokha si umboni. Pemphani mkulu wa dipatimenti yanu kuti alembere yekha wofufuza amene akutchulidwa m'kalatayo, pogwiritsa ntchito keyala imene ili pa webusaiti ya bungwelo. Pulogalamu yoona sikupemphani kuti mutumize ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti akusungireni malo, ndipo palibe amene ali ndi ufulu wosunga pasipoti yanu mukafika. Yankho likabwera, lisindikizeni papepala, mupite nalo ku Ngabu, muwawerengere amalume ndi kuwamasulira, kenako muwasiyire dzina ndi nambala ya ofesi ya munthu amene adzakuyang'anirani. Akafunsa kuti sukulu ya nyenyeziyo ndi yotani, akumbutseni za kadamsana wa pa 21 June 2001, amene mdima wake wathunthu unadutsa kumapeto kwa boma la Nsanje, ndipo muwauze kuti anthu amene analengezeratu tsiku ndi ola lake ndi amene mukukaphunzira nawo ntchito.

Za mapepala ndinene mwachidule koma motsindika. Amalawi amaloledwa kulowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30 okha, pamene inu mukufuna masiku 70. Funsani okuitananiwo kuti akuuzeni mtundu wa viza woyenera ndi kukupatsani kalata yoperekeza, ndipo mupite nazo ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe kudakali nthawi. Musamvere aphungu a pa depoti amene amati ingolowani, zinazo mukaziona konko. Munthu amene wapitirira masiku ake amaletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa chaka kapena zaka zingapo, ndipo kwa inu zimenezi zikhoza kutseka njira ya digiri yachiwiri imene ulendo uno ukufuna kutsegula.

Tsopano tibwere ku moyo weniweniwo, umene ndikukhulupirira kuti mukuuganizira mosiyana ndi momwe ulili. Likulu la South African Astronomical Observatory lili m'dera la Cape Town lotchedwa Observatory, pamene anakhazikitsa Royal Observatory mu 1820, koma magetsi a mzindawo anathamangitsa mdima kalekale, ndipo matelesikopu ofufuzira anasamutsidwira ku Sutherland m'zaka za m'ma 1970. Motero milungu isanu ndi inayi mwa milungu yanu khumi mudzakhala pa desiki masana, maso ali pa kompyuta ya Linux, monga wantchito wa mu ofesi aliyense. Ngakhale pa matelesikopu enieniwo, masiku ano ofufuza sasuzumira ndi diso. Kuwala kumagwera pa kamera yotchedwa CCD, kamerayo imakusandutsa manambala, ndipo ntchito ya wofufuza ndi kupeza zimene manambalawo akunena. Akakupatsani ntchito ya MeerKAT, telesikopu ya mafunde a wailesi ya madishi 64 imene inatsegulidwa mu 2018 pafupi ndi Carnarvon, mwina simudzaiona n'komwe, chifukwa dera lake limatetezedwa ku mafunde a mafoni ndi zipangizo zina, ndipo data yake imakupezani muli pa desiki ku Cape Town.

Ndikupatseni chitsanzo cha ntchito imene ophunzira a msinkhu wanu amapatsidwa kawirikawiri. Pali nyenyezi zimene kuwala kwake kumakwera ndi kutsika mobwerezabwereza, zina chifukwa zimafufuma ndi kuphwa, zina chifukwa ndi ziwiri zozungulirana ndipo ina imaphimba inzake. Mudzapatsidwa zithunzi mazanamazana za kachigawo kamodzi ka thambo, m'mafayilo otchedwa FITS, ndipo mudzauzidwa kuti mupeze nthawi imene nyenyeziyo imatenga kuti ibwerere pa kuwala kwake koyamba. Chithunzi chongochoka pa telesikopu chimakhala ndi zinyalala zambiri. Kamera imawonjezera manambala akeake ngakhale itatsekedwa, ndipo amenewa amachotsedwa ndi zithunzi zotchedwa bias; mbali zina za kamera zimamva kuwala kuposa zinzake, fumbi nalonso limasiya timphete tamdima, ndipo zimenezi zimakonzedwa ndi zithunzi zotchedwa flat. Mukatha kuyeretsako, mumayeza kuwala kwa nyenyezi yanu poiyerekeza ndi nyenyezi zoyandikana nayo zimene sizisintha, kuti mtambo wopyapyala umene unadutsa usakunamizeni kuti nyenyeziyo inazilala. Pomaliza mumajambula girafu ya kuwala ndi nthawi, ndipo kadontho kalikonse kamakhala ndi kamzere kosonyeza kukula kwa chikayiko chake. Wokuyang'anirani adzayang'ana timizere timeneti asanayang'ane china chilichonse, ndipo akakufunsani kumene mwatitenga, yankho lakuti kompyuta ndi imene yatulutsa silidzamukhutiritsa.

Ntchito imeneyi imatopetsa, koma musaipeputse. Henrietta Leavitt, amene ankayeza zithunzi za nyenyezi ku Harvard, anasonyeza mu 1912 kuti pa gulu lina la nyenyezi zosinthasintha za mu kamlalang'amba koyandikana ndi wathu kotchedwa Small Magellanic Cloud, imene imachedwa kubwereza ndiyo imawala kwambiri, ndipo mfundo imeneyi ndi imene inatsegula njira yoyezera kutalika kwa milalang'amba ina. Inu simudzatulukira chinthu chachikulu chotero m'milungu khumi, ndipo palibe akuyembekezera zimenezo. Milungu iwiri yoyamba imathera pa kuika mapulogalamu m'kompyuta ndi kuwerenga mapepala a kafukufuku amene mudzamvamo ndime imodzi pa tsamba lonse. Milungu ya pakati ndi imene imaliza anthu, chifukwa code imakana kuyenda, imalavula mauthenga ofiira, ndipo girafu imatuluka yosokonekera popanda chifukwa chooneka. Kumapeto mudzalemba lipoti ndi kuima pamaso pa ofufuza kwa mphindi khumi kapena kuposerapo kufotokoza zimene mwapeza, ngakhale zitakhala kuti mwapeza kuti nyenyeziyo sisintha n'komwe, pakuti chimenechonso ndi chotsatira cholembeka.

Vuto lalikulu la ana athu likubisala m'milungu ya pakatiyo. Tinaleredwa kuti wamkulu akamayankhula timagwedeza mutu, ndipo sukulu zathu zinatizoloweza kuti kufunsa funso pagulu n'kudzionetsa umbuli. Kumeneko wokuyang'anirani, amene mwina adzakuuzani kuti muzimutchula dzina lake loyamba ngakhale ali pulofesa wa imvi, akaona mwagwedeza mutu amakhulupirira kuti mwamva, ndipo amapita ku ntchito zake. Patatha milungu itatu amadzapeza kuti simunasunthe, inu muli ndi manyazi, iye ali wodabwa, nthawi yapita. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo m'kafukufuku phulalo limadyedwa mwakachetechete kuseri kwa laputopu. Langizo limene ndimapereka kwa aliyense ndi ili: chinthu chikakukanikani kwa theka la tsiku, nyamukani mupite kwa wophunzira wa PhD amene ali pa desiki yoyandikana nanu, ndipo chikakanika tsiku lathunthu, gogodani kwa wokuyang'anirani. Popita musangonena kuti sizikutheka. Nenani zimene mwayesa, zimene mumayembekezera kuona, ndi zimene zatuluka. Wophunzira wofunsa motere amakondedwa, ndipo ndi amene amalemberedwa kalata yabwino pambuyo pake. Pemphaninso pa tsiku loyamba kuti muzikumana ndi wokuyang'anirani kamodzi pa sabata pa ola lodziwika, chifukwa ofufuza amayenda kwambiri ndipo wophunzira wachete amaiwalika popanda wina kufuna kumuchitira choipa. Ngati papita milungu iwiri musanamuone ndipo maimelo sakuyankhidwa, kauzeni woyendetsa pulogalamuyo. Kutero si kuneneza munthu.

Gulani kope lachikuto cholimba ndipo muzilembamo tsiku lililonse fayilo imene mwagwiritsa ntchito, nambala imene mwasintha, ndi chifukwa chake. Samalani ndi nthawi: akatswiri a zakuthambo amalemba mu nthawi ya dziko lonse yotchedwa UT, imene ili kumbuyo kwa nthawi ya kuno ndi ya ku South Africa ndi maola awiri, ndipo kusakaniza ziwirizi kumapotoza girafu yonse. Koposa zonse, musachotse kadontho pa girafu chifukwa chakuti kakuipitsa maonekedwe. Ngati pali chifukwa chokachotsera, monga mtambo umene unalembedwa m'buku la usikuwo, lembani chifukwacho poyera. Wophunzira wochedwa kumva amapirira naye, koma wokonza manambala kuti akome sakhululukidwa, ndipo akatswiri a zakuthambo mu Africa muno ndi ochepa moti mbiri yotere imafika kulikonse.

M'milungu imene yatsalayi, limbikirani pa Python, makamaka zida zake zotchedwa numpy, matplotlib ndi astropy, ndipo phunzirani kuyenda m'mafoda a Linux polemba malamulo m'malo modina ndi mausi. Werengani za right ascension ndi declination, zimene ndi keyala ya nyenyezi kuthambo, komanso za magnitude, muyeso wa kuwala umene umayenda chambuyo, pakuti nambala yaing'ono ndiyo nyenyezi yowala kwambiri, ndipo kusiyana kwa magnitude 5 kumatanthauza kuwala kochuluka kuwirikiza ka 100. Ikani pulogalamu yaulere ya Stellarium pa laputopu yanu, ndipo mukapita kumudzi tulukani usiku wopanda mwezi kutali ndi magetsi a pa Ngabu, mufanizire zimene zili pa kompyuta ndi zimene zili pamwamba panu. Pamenepa muli ndi mwayi umene ana okulira m'mizinda alibe, chifukwa Mlalang'amba, Nthanda ndi Nsangwe munakula mukuziona, ndipo thambo la kum'mwera limene mudzaliona ku Sutherland ndi lomweli, kungoti nyenyezi za kum'mwerazo zidzaoneka zokwererapo.

Sutherland ili m'chipululu cha Karoo, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 370 kuchokera ku Cape Town, ndipo matelesikopu ali pa chitunda cha mamita pafupifupi 1,800 pamwamba pa nyanja. Anasankha malo okwera, ouma ndi akutali ndi mizinda chifukwa mdani wamkulu wa telesikopu ndi mpweya. Mukaima pa msewu wa M1 pa Nchalo masana a mu October, galimoto yakutali imaoneka ikunjenjemera pamwamba pa phula chifukwa mpweya wotentha ndi wozizira ukusakanikirana. Chimodzimodzinso nyenyezi zimaphethira ndi kufalikira pa chithunzi, ndipo akatswiri amayeza kufalikiraku usiku uliwonse, n'kumakutcha seeing. Pa chitundapo pali telesikopu yaikulu yotchedwa SALT, imene inatsegulidwa mu 2005, ya galasi lalikulu pafupifupi mamita 11 lopangidwa ndi magalasi 91 a makona asanu ndi imodzi. Mudzaiona ndi kujambulitsa pafupi nayo, koma simudzaiyendetsa, chifukwa ili ndi antchito ake amene amaonera nyenyezi m'malo mwa ofufuza onse potsata mndandanda. Ophunzira amaphunzirira pa matelesikopu ang'onoang'ono, monga ya mita 1.0 ndi ya mamita 1.9.

Usiku wa ntchito umayamba masana. Mumadzuka dzuwa litapendeka, mumaona za nyengo, mumakonza mndandanda wa nyenyezi malinga ndi nthawi imene iliyonse ikwere, ndipo mumadya chakudya chamadzulo kudakali kowala. Dzuwa likamalowa mumatsegula denga lozungulira la nyumba ya telesikopu kuti mpweya wa m'kati ufanane ndi wa panja. Pamakhala mphindi zochepa chabe za chisisira pamene thambo liri losalala moyenera kujambula ma flat, ndipo mukachedwa ndi kapu ya tiyi mwayi umenewo wapita mpaka m'bandakucha. Kenako mumakonza focus, mumaloza nyenyezi yoyamba, ndipo mumakhala m'kachipinda kofunda koyang'anira, maso ali pa masikirini: ina ikuonetsa chithunzi chimene changofika, ina ikuonetsa mphepo ndi chinyezi. Chithunzi chilichonse chimalembedwa m'buku, nthawi yake, fyuluta yake, ndi chilichonse chachilendo. Chinyezi chikafika pa mlingo umene malowo anaika, mumatseka denga msangamsanga kuti mame asagwere pa galasi, ngakhale nyenyezi zikuwala bwino panja ndipo inu mwangotsala ndi zithunzi zisanu. Potuluka mumayenda ndi tochi yoloza pansi, magalimoto amayenda ndi nyali zazing'ono zokha, ndipo cha m'ma 3 koloko m'mawa, pamene thupi likulira bulangete, ndi pamene anthu amalemba dzina la nyenyezi yolakwika. Mu June ndi July usiku wa kumeneko umayandikira maola 14 kuchokera kulowa kwa dzuwa mpaka kutuluka kwake. Zimachitikanso kuti sabata yonse imatha kuli mitambo, mumabwerera ku Cape Town opanda chithunzi ndi chimodzi chomwe, ndipo mumapatsidwa data yakale kuti mumalize nayo ntchito; zimenezi zimagwera ngakhale mapulofesa.

Za thupi lanu ndiyankhule monga kholo. Inu munakulira kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'chilimwe, pamene Sutherland ndi amodzi mwa malo ozizira kwambiri ku South Africa, kumene m'miyezi imeneyi madzi amaundana usiku ndipo nthawi zina kumagwa chipale chofewa. Juzi imene mumavala pa Chiperoni sikwanira. Pitani pa kaunjika ku Limbe mupeze jekete lochindikala, chipewa chophimba makutu, magolovesi, masokosi aubweya ndi nsapato zotseka, ndipo muzivala zovala zingapo mosanjikiza. Cape Town nayo m'miyezi imeneyi imakhala ya mvula ndi mphepo, ndipo nyumba zambiri zilibe zotenthetsera. Mpweya wouma wa ku Karoo umang'amba milomo ndipo ena amatuluka kamfuno, choncho tengani mafuta odzola ndi kumwa madzi pafupipafupi ngakhale ludzu lisakumveka. Kutalika kwa chitundacho kusakuopseni, chifukwa n'kofanana ndi pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo kupuma mwawefuwefu pokwera masitepe kumatha pakapita masiku ochepa.

Chimene ndikufuna musaiwale ndi malungo. Ku Cape Town ndi ku Karoo kulibe malungo, motero dokotala wa kumeneko akaona munthu akutentha thupi mu July amaganiza za chimfine. Inu mukuchokera kuchigwa cha Shire, ndipo tizilombo tikhoza kukwera nanu ndege n'kudzaonekera patatha sabata kapena kuposerapo. Kayezetseni musananyamuke, ndipo mukakamva kutentha thupi, litsipa kapena kuphwanya m'thupi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, munene momveka kuti mwachokera kudera la malungo ndipo mukupempha kuyezedwa magazi. Mukakhala pa chitunda, uzani woyang'anira malowo nthawi yomweyo, chifukwa zipatala zazikulu zili kutali ndipo malungo sadikira kuti sabata ya telesikopu ithe. Pa chifukwa chomwechi, musanyamuke musanaone pepala la inshulansi ya zaumoyo lokhala ndi dzina lanu.

Nsima simudzaisowa, pakuti ufa umagulitsidwa m'sitolo iliyonse, ndipo soketi za magetsi za kumeneko n'zosiyana ndi zathu, choncho mudzagule adaputa pa tsiku loyamba. Chizungu cha anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana chimavuta m'khutu sabata yoyamba, kenako chimazolowereka. Kusungulumwa ndiko kumabwera mosayembekezereka, makamaka Loweruka ndi Lamlungu, ndipo mankhwala ake ndi kupita ku tiyi wa m'mawa kumene ofufuza amasonkhana, kuvomera anzanu akakuitanani kokayenda, ndi kuimbira foni kunyumba pa tsiku lokhazikika, zimene n'zosavuta poti nthawi ya mayiko awiriwa ndi imodzi. Koma mukaona kuti simukugona, simukudya, ndipo mukudzitsekera m'chipinda masiku otsatizana, uzani woyendetsa pulogalamu akupezereni mlangizi. Sindingabise kuti alendo, kuphatikizapo Amalawi, anachitiridwapo nkhanza m'dzikolo, makamaka mu 2008 ndi 2015, ndiponso kuti umbava m'mizinda ndi wochuluka. Musayende nokha usiku, musaonetse laputopu pamsewu, funsani eni dera njira zoyenera, ndipo sungani nambala ya ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria. Monga mtsikana amene adzagwira ntchito usiku pamalo akutali, pemphani kuona malamulo a khalidwe a bungwelo ndi dzina la munthu wolandira madandaulo musanakwere chitunda. Wina akakuyankhulani kapena kukugwirani mosayenera, kaya ndi wamkulu chotani, lembani tsiku ndi ola, ndipo munene msanga kwa munthu ameneyo komanso kwa mkulu wa dipatimenti yanu kuno.

Amayi auzeni zoona lero lomwe, mofatsa, kuti malata adzabwera koma osati ndi ulendo uno. Alawansi ya wophunzira ntchito imawerengedwa kuti ikwanire chakudya, mayendedwe ndi zofunika zing'onozing'ono mumzinda wodula, ndipo ikasinthidwa m'makwacha pamtima imaoneka yaikulu kuposa momwe ilili m'sitolo. Pemphani kuti akulembereni momveka kuti tikiti akugula ndani, nyumba akulipira ndani, ndalama ya viza adzakubwezerani kapena ayi, ndipo alawansi yoyamba idzafika liti ndiponso kudzera njira iti. Mapulogalamu ena amafuna kuti munthu ayambe walipira yekha n'kudzabwezeredwa pambuyo, ndipo kwa mwana wa mlimi wa thonje, m'dziko limene ndalama zakunja zikusowa m'mabanki, dongosolo lotere n'losatheka. Nenani zimenezi poyera popanda manyazi, chifukwa kawirikawiri amatha kugula tikiti okha akauzidwa. Musakongole katapila chifukwa cha ulendo umenewu. Yesetsani kukhala ndi marandi okwanira sabata yoyamba, poti malipiro oyamba amachedwa m'mabungwe ambiri.

Phindu lenileni la milungu khumiyi ndi kalata imene wokuyang'anirani adzakulembereni, ndipo muipemphe maso ndi maso musanachoke, pamene ntchito yanu idakali m'mutu mwake. Kalata imeneyo ndi imene imatsegula chitseko cha National Astrophysics and Space Science Programme, imene inayamba mu 2003 ndipo yaphunzitsa ophunzira ochokera m'mayiko ambiri a mu Africa, kapena cha African Institute for Mathematical Sciences ku Muizenberg. Dziwaninso kuti mapulogalamu a mtundu umenewu a ku America otchedwa REU amene amadzaza pa intaneti amalandira nzika ndi okhazikika a dzikolo okha, pamene a ku Leiden ndi ku bungwe la ASTRON m'dziko la Netherlands, komanso a European Southern Observatory ku Garching m'dziko la Germany, amalandira ophunzira a mayiko ena. Malawi sali m'gulu la mayiko asanu ndi atatu a mu Africa amene anagwirizana ndi South Africa pa ntchito yomanga telesikopu yaikulu ya mafunde a wailesi yotchedwa Square Kilometre Array, ngakhale Zambia ndi Mozambique alimo, choncho ntchito za zakuthambo kuno kwathu n'zochepa kwambiri ndipo sindikufuna kukunamizani. Komabe luso loyeretsa zithunzi ndi kuyeza chikayiko ndi lomwelo limene limafunika powerenga zithunzi za setilaiti zoonetsa kumene madzi a Shire ndi Ruo afika, ndipo amene anaona namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023 safunika kuuzidwa kufunika kwa anthu odziwa ntchito imeneyo.

Chatsala ndi kalendala ya yunivesite yanu, imene mwina sikugwirizana ndi June mpaka August. Musachoke pongodalira mawu a pakamwa a mphunzitsi mmodzi amene amakukondani. Lembani kalata kwa mkulu wa dipatimenti, ipite kwa Dean ndi kwa Registrar, ndipo chilolezo chibwere cholembedwa, chonena za maphunziro, ma practical ndi mayeso amene mudzaphonye ndi momwe mudzawalembere, chifukwa maphunziro a National Astrophysics and Space Science Programme ndi a African Institute for Mathematical Sciences aja amafuna digiri yoyamba yomalizidwa bwino. Akakana chifukwa cha mayeso, lemberani wokuitananiyo mwaulemu, mumutumizire kalendala yanu, ndi kumufunsa ngati mungayambe mochedwerapo kapena kubwera mu December ndi January. Ofufuza ambiri amavomera kusuntha masiku akauzidwa kudakali nthawi, tikiti isanagulidwe.